Tsiku Limene a Kaliati Anasita Nyenyezi

Amene anakhalapo pa Phalombe Boma m'zaka za matipate akuwakumbukira a Kaliati, ndipo amene akuti sakuwakumbukira ndiye kuti ankayenda ndi malaya amakwinya. Ankaima pakhonde la sitolo ya zipangizo za njinga, kuseri kwa msika, kumbuyo kwa tebulo loyalidwa bulangete lakale ndi bafuta woyera. M'dzanja mwawo munkakhala simbi ya makala, ija yokhala ndi katambala kachitsulo pamphuno. Anali bambo wamfupi, wadazi, wa mawu ochepa, koma wonyada kuposa msinkhu wake. Mukawapatsa moni ankayankha maso ali pakolala yanu.

Ntchitoyi anaiphunzira ali mnyamata ku esiteti ya tiyi ku Mulanje, pa bwana wina amene ankasintha malaya katatu patsiku. Tsiku lina anapita ku ukwati wa mnzawo m'munsi mwa phiri la Michesi, anaona mayi Belita akuvina, mtima n'kutsalira komweko. Anakwatira n'kukakhala kuchikamwini monga mwa mwambo. Koma iwo ndi khasu sanamvane. Mizere yawo ya m'munda inkatuluka yokhotakhota ngati njira ya mbuzi, pamene mzere wawo wa pathalauza unali woti ntchentche ikaterapo idzicheka. Apongozi ataona zimenezi anagwa mphwayi, anati bola apite ku boma azikachita zomwe manja awo akudziwa, munda asauwononge.

Matipate anawabweretsera ntchito yosatha. Kaunjika anasefukira pamsika, jekete iliyonse ikutuluka m'belo itakwinyika ngati fodya wouma. Kunabwera matisheti a zipani, ndipo a Kaliati ankasita nkhope zonse mofanana, ya chipani ichi m'mawa, ya chipani icho masana. Ankangoti nkhope za andale zimafuna kutembenuza n'kusitira kunsi, chifukwa sizipirira moto. Phalombe atakhala boma palokha mu 1998 kunadza mabwana a mataye ndi manesi a zoyera, ndipo onsewo njira yawo inkathera patebulo lomwelo.

Mdani wawo anali mmodzi: miyala ya m'makala. Ootcha makala ena a kuphiri, osati onse, ankaponya m'thumba timiyala todetsedwa ndi mwaye kuti thumbalo lilemere. Mwala wotere ukalowa m'simbi umafiira pang'ono ngati khala lomwe lakutidwa ndi phulusa, umatenthanso ndithu kwa kanthawi. Koma ulibe moto wakewake. Umangosunga womwe wabwereka, ndipo umakuzirala uli pakati pa malaya a munthu, dzanja limodzi losalala, lina lamakwinya. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse thumba linkakhuthulidwa pansi n'kusankhidwa, ndipo kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, wosankha anali Lenia, mwana wawo mmodzi yekhayo. Ankapita kusukulu yunifolomu ili nga, zikhadabo zili bii.

Mtsikanayo mutu unali wakuthwa. Anapita ku sekondale, anapita ku Chancellor College ku Zomba kukaphunzira sayansi, ndipo mu 2004 anasankhidwa kukapitiriza maphunziro a zakuthambo ku Cape Town. Kumudzi anangoti wapita ku Joni, n'kuyamba kudikira. Paja ana a eni ake akapita ku Joni amatumiza mabulangete, mawailesi ndi njinga. Lenia ankatumiza moni. Wina anati amalosera za mvula, wina anati amayendetsa ndege, ndipo mayi ake aang'ono, a Eveles, anafalitsa zoti amagwira ntchito ya ulonda, poti anamva kuti nthawi zina amachezera kuyang'ana kumwamba.

Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi, a Kaliati ankapita pabyulo ya telefoni ya Fanny kukadikira foni ya mwana wawo. Tsiku lina anatopa ndi mabodza a anthu.

"Iwe Lenia, tandiuza bwinobwino. Anthu akandifunsa, ndiziti umagwira ntchito yanji?"

"Muziti ndimasankha makala, ababa."

"Usandiseke, ndine bambo ako."

"Sindikuseka ayi. Kumwambaku kuli tinthu tofiirira, tosaoneka ndi maso ngakhale kutada bwanji, timaoneka ndi makina akuluakulu okha. Tina ndi nyenyezi zenizeni, zazing'ono koma zili ndi moto wakewake m'kati. Tina tinayamba ngati nyenyezi, koma thupi linachepa, moto sunagwire. Timangofunda ndi kutentha komwe tinabadwa nako, n'kumazirala pang'onopang'ono. Ndiye pamalire pali vuto. Kanyenyezi kokalamba ndi kanthu kofundako kakakhala kakhanda, timafiira chimodzimodzi. Ntchito yanga ndi kunena kuti aka ndi aka, aka ndi aka."

A Kaliati anasuntha lisiva kuchoka kukhutu lamanzere kupita lamanja. Zimenezi zinali za kwawo.

"Uzira. Khala limayankha, mwala umangoti duu."

"Ndi kutali, ababa. Kuwala kwake kokha kumayenda zaka makumi asanu kuti kufike kuno."

"Ndiye dikira kazirale."

"Zaka mamiliyoni."

"Iii! Nanga umatani?"

"Timatenga kuwala kwake n'kukugawa mitundumitundu ngati utawaleza. M'menemo timafufuza chizindikiro cha kanthu kena kotchedwa lifiyamu. Koyaka kamamudya lifiyamuyo n'kumumaliza, monga khala limadzidya lokha mpaka phulusa. Kofunda sikadya kanthu, ndiye lifiyamu wake amakhala ali momwemo."

Fanny anali atayamba kale kuloza wotchi, poti panali ena pamzere. A Kaliati anatuluka akuyenda ngati alandira udindo. Kuyambira tsiku limenelo kumwamba anakugawa pawiri, zoyaka ndi zofunda, ndipo ankaona kuti pa Phalombe yense omvetsa nkhaniyi anali awiri basi, wina ali ku Joni.

Mavuto anadza mu 2006. Lenia anamaliza digiri yake, aphunzitsi ake n'kumupempha kuti akhale zaka zina zinayi achite udokotala wa ntchito yomweyo. Yankho ankalifuna Lachisanu. Koma kumudzi kunali a Laston Sitima, mchimwene wa mayi Belita, mwini mbumba, mlimi wa mpunga kuchigwa, munthu wa mawu oti akanong'ona nkhuku zimathawa. Iwo anali atamupezera kale Lenia malo a uphunzitsi pa sekondale ina yapafupi, yoyenda ndi kabaza. Ndipo Lenia, ngakhale anali wa madigiri, anali mwana woleredwa. Ananena poyera kuti kunyumba akati abwerere, abwerera.

A Kaliati mtima unali pawiri, ndipo tisabise. Panalibe munthu wofuna mtsikanayo abwerere kuposa iwo. Anamusowa koopsa. Koma analinso munthu yekhayo amene anamva mmene mawu ake ankathamangira akamakamba za zofunda zakezo. Mwayi wake, kapena tsoka lake, panalibe amene akanawafunsa maganizo. Pa nkhani ya ana, bambo ndi mlendo, amalume ndiwo eni. Mkamwini asamakule mwendo, ndipo a Kaliati wawo anali ataupinda kwa zaka makumi atatu.

Bwalo la banja analiika Lachitatu masana. Lachiwiri Lenia anatumiza fakisi kwa Fanny, masamba awiri. Loyamba linali kalata yopita kwa amalume, yofotokoza zonse m'Chichewa chaulemu. Lachiwiri linali chithunzi: pepala loyera lodzaza timadontho takuda, kamodzi kozunguliridwa ndi mzere, muvi utaloza. Kameneko kanali kofunda komwe Lenia anakazindikira yekha. Kalatayo a Kaliati sanaiwerenge, poti sinali yawo. Chithunzicho anachiyang'ana mpaka khosi kuwawa, ngakhale kunena zoona chinkafanana ndi khoma la kukhitchini lomwe ntchentche zachitirapo mwano.

Pepala la fakisi ndi lopyapyala, lopindika lokha ngati tsamba la nthochi lowauka. Anaika m'thumba la malaya, anapalasa njinga kupita ku Michesi, m'mawa anapalasanso kubwerera kuntchito. Atalitulutsa linali lofota, lamakwinya, lonyowa ndi thukuta. Zoti kalata ya mwana wawo ikaonekere pamaso pa mwini mbumba ili chonchi, pamene bambo ake ndi a Kaliati osita, zinali zosatheka.

Anachita mwaluso lonse. Anasanja masamba awiriwo pabafuta, anayala kansalu konyowa pamwamba monga amachitira ndi suti ya mkwati, anayesa simbi ndi malovu pachala, n'kuiyendetsa kawiri kupita, kawiri kubwera. Kenako ananyamula kansaluko.

Masamba onse awiri anali osalala ngati galasi, ndipo onse awiri anali akuda bii, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Panalibe chilembo, panalibe dontho, panalibe muvi.

Anathamangira kwa Fanny simbi ili m'manja. Fanny anayang'ana mapepalawo, anayang'ana simbiyo, n'kukhala pansi penipeni ndi kuseka.

"Agogo inu! Pepala limeneli silidziwa inki, limalembedwa ndi kutentha. Inu mwalilemba lonse!"

"Muyimbire atumizenso."

"Magetsi athima chim'mawa. Komanso ananena dzulo kuti akupita kuphiri kuli makina awo kuja, abwera mawa."

A Kaliati anamva manyazi omwe sanawamvepo chibadwire. Sanapserezepo ngakhale mpango wa munthu moyo wawo wonse, lero apsereza tsogolo la mwana wawo. Anabwerera patebulo, n'kuyang'ana mulu wa miyala yomwe anataya m'mawa. Kenako anatola itatu yofanana bwino ndi makala, anaiponya dala m'simbi, anathira makala pamwamba, n'kumangirira simbiyo pakaliyala ya njinga utsi ukufuka.

Bwalo linakhala pansi pa mtengo wa mapeyala pakhomo pa mayi Belita. Amayi anali pamphasa akusenda nandolo, a Laston pampando wa ndalema pakati, a Kaliati pakachitsa chakumbali, malo awo a masiku onse. Atatha malonje, a Laston anatambasula dzanja.

"Alamu, akuti mwana watumiza kalata."

A Kaliati anapereka ndi manja awiri. A Laston anavala magalasi, anayang'ana, anatembenuza, anaunika kudzuwa.

"Zimene akuphunzira ku Joni ndi zimenezi?"

A Eveles anasuzumira paphewa pawo. "Kumwambako ndi komweku ndithu, achimwene. Kungoti nyenyezi zathawa."

"Ndasita," anatero a Kaliati ndi mawu apansi.

"Mwatani?"

"Zinali zamakwinya. Ndasita."

Kuseka komwe kunabuka kunamveka kutsidya kwa mtsinje. Mayi Belita anagwetsa lichero, nandolo n'kumwazika, nkhuku n'kupeza phwando. A Laston anaseka mpaka kutsokomola, anapukuta magalasi, kenako anakonza pakhosi n'kuyamba nkhani. Anati mwana waphunzira, zakwana. Anati ntchito ilipo, ya boma, ya penshoni, yoti azidya makaka a amayi ake, chinangwa chouma chija, Loweruka lililonse. Anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Amayi anavomereza ndi mitu, ndipo nkhani inaoneka kuti yatha.

"Alamu, pepani," anatero a Kaliati ataimirira. "Ndikudziwa si malo anga. Koma poti kalata ndawononga ndine, ndiloleni ndikuonetseni zomwe zinalimo."

Anatenga chibenthu cha lata, anachiika pakhomo la khitchini pomwe panali mdima pang'ono, anatsegula simbi, n'kupana ndi waya tinthu tiwiri tofiirira tokutidwa ndi phulusa. Anawerenga mapazi khumi, najambula mzere pansi ndi chidendene.

"Imani apa. Kamodzi ndi khala, kamodzi ndi mwala. Osayandikira, osauzira, osagwira. Khala ndi liti?"

A Laston sanali munthu wokana mpikisano pamaso pa alongo awo. Anatsinzina diso limodzi, anapendeka mutu. "Lakumanjalo."

A Kaliati anagwada n'kuuzira. Kakumanzere kanayaka psuu, kakumanja kanangoti duu. Amayi anaimba nthungululu.

"Bwerezani! Dzuwa linandithobwa m'maso."

Ulendo wachiwiri a Laston analasa, ndipo anazungulira bwalo chibakera chili m'mwamba ngati awina chisankho. Ulendo wachitatu anaphonyanso, ndipo ankati abwereze kachinayi, koma miyala inali itatha.

"Mwaonatu, alamu," anatero a Kaliati. "Apa ndi mapazi khumi, ndipo ine ndili ndi mpweya wouzira. Kumwamba kuli zotere, zoyaka ndi zofunda, kutali koti munthu sangauzire, sangatole, ndipo kuti adikire zizirale ndiye kuti zidzukulu za zidzukulu zatha. Anthu ophunzira amakangana, uyu akuti nyenyezi, uyu akuti ayi. Mwana wa mlongo wanu amayang'ana kuwala kokha, n'kuona ngati kanthuko kadya zam'kati mwake kapena ayi. Salosera ngati mmene mwachitiramu. Papepala lomwe ndapserezali panali kamodzi komwe anakagwira yekha."

A Laston anabwerera pampando. "Chabwino. Akadziwa kuti aka ndi mwala, mpunga wanga uchuluka?"

"Ayi."

"Mvula ibwera msanga?"

"Ayi."

"Nanga phindu lake n'chiyani?"

"Sindikudziwa, alamu. Ndinamize chiyani? Ndingodziwa kuti akamakamba zimenezi amaiwala kupuma. Sindinamumvepo akulankhula choncho za china chilichonse."

A Laston anavula magalasi, anawapinda, n'kuwayang'ana alamu awo nthawi yaitali. Atalankhula, mawu aja oopsa nkhuku anali atatsika.

"Alamu, mukuganiza kuti ine ndinapalasa njinga katatu kukagwada kwa ahedi a pasekondale paja chifukwa chofuna mphunzitsi m'banja? Mlongo wangayu anabwera kwanga akulira. Akuti Lamlungu lililonse mukachoka kufoni simudya. Akuti mwezi ndi mwezi mumatulutsa yunifolomu ya mwanayu ya ku pulayimale, n'kuisita, n'kuibwezera m'sutikesi. Ndinati munthuyu atifera, tim'bwezere mwana wake. Lero ndinu amene mukundiotcha ndi miyala kuti asabwere?"

A Kaliati anayang'ana mayi Belita. Mayiwo anali kalikiliki kutola nandolo wogwa uja.

"Musandiyang'ane ine," anatero osadzutsa mutu. "Ine ndinanena zomwe ndinaona."

"Ndiye tichite chonchi," anapitiriza a Laston. "Lero lokha, mbumba ndaitula m'manja mwanu. Mawa ndiitenganso, musazolowere. Nenani nokha, tonse timve. Abwere kapena akhale?"

Zaka makumi atatu pamudzi umenewo, palibe anawafunsapo ngakhale za tsiku lophera mbuzi. Lero awafunsa, ndipo funso lake n'limeneli. M'maganizo anaona Lenia akutsika pakabaza Loweruka masana, chikwama paphewa, akuitana ali kumsewu. Zinali pafupi kwambiri, zongofuna liwu limodzi, ndipo palibe akanawadzudzula, ngakhale Lenia yemwe.

"Akhale," anatero.

"Mwati?"

"Akhale, alamu. Amalize."

A Laston anagwedeza mutu, anapinda mapepala akuda aja n'kuika m'thumba la jekete. Anati poti kalata inali yawo, aisunga.

Lachinayi magetsi anayaka, ndipo foni ya Lenia inalira chakumasana. A Kaliati anali atadikira pabenchi kuyambira m'mawa.

"Amalume ako avomera."

Kukuwa komwe kunatuluka mulisiva kunamudzidzimutsa ndi Fanny yemwe. Lenia anaseka, analira, anathokoza, mawu akupondana.

"Kalata ija anaiwerenga?"

"Anaiona."

"Chithunzi chija?"

"Chinasangalatsa anthu kwambiri. Sanasekepo choncho."

Fanny analuma mpango wake n'kutulukira panja.

"Nanga inuyo, ababa? Mwakondwa?"

"Kwambiri, mwanawe."

"Ndimati ndibwere pa Khirisimasi, koma tsopano ndiye sizitheka, Disembala atipatsa nthawi yogwiritsa ntchito makina a kuphiri aja. Mwina chaka chamawa, ababa. Mwina."

"Usafulumire," anatero a Kaliati. "Ife tili bwino kuno."

Anaika lisiva pansi mosamala, anatsazika Fanny, n'kutuluka. Sanakhotere kumsika. Anakankha njinga osaikwera, pang'onopang'ono, njira yonse ya ku Michesi. Masana amenewo anthu anabwera pakhonde la sitolo ndi mitolo yawo ya zovala, anapeza tebulo lili lokhalokha, anadikira, n'kubwerera nazo.